Mbewa yamanyazi inafera kuuna

Makolo athu sanafotokoze ngati mbewa yamanyazi ija inali kapuku kapena mende, koma zidzukulu zake zilipo ndithu, ndipo masiku ano zimavala ovolosi. Mukazipeza pamaganyu okumba zitsime, okonza sepitiki thanki ndi okhoma malata padenga.

Kapitawo akati, “Mphwanga, tatsika ukaone chomwe chatseka paipi,” mbewa yathu imadziwa kuti ikafunsa za chingwe anzake aiseka. “Aise, mantha ngati amenewo udzakwatira?” Ndiye imalavulira m’manja, n’kuyang’ana kumwamba kamodzi, n’kutsika.

M’dzenje mumaoneka phee, koma si bwino kukhulupirira maso. Mpweya umene timapuma uli ndi okosijeni pafupifupi 21 peresenti, ndipo akachepera 19.5, akatswiri amati osangolowamo. Mu sepitiki thanki mumakhala hydrogen sulphide, mpweya wa fungo la dzira lovunda. Ukachuluka umagonetsa mphuno, kapitawo n’kulengeza mokondwa kuti, “Fungo latha, tiyeni!” Pampu ya petulo mukaitsitsira m’chitsime imatulutsa carbon monoxide, amene alibe fungo ngakhale pang’ono. Paja tsoka silinunkha. Choncho mphuno ya kapitawo, ngakhale ikule chotani, isalowe m’malo mwa kamakina koyezera mpweya, ndipo fani youzira mpweya wabwino iyambe ntchito munthu asanaponde makwerero.

Chimene mwambiwu unabisa n’chakuti kuuna sikufera mbewa imodzi. Woyamba akangoti zii, wachiwiri amadumphiramo akufuula dzina la mnzake. Wachitatu amatsatira poopa kuti anthu adzati anangoima chilili. Mu 1986 bungwe la NIOSH la ku America linachenjeza kuti oposa 60 peresenti ya anthu ofera m’malo othina otere amakhala opita kukapulumutsa anzawo. Manyazi a munthu mmodzi, mabokosi atatu.

N’chifukwa chake njira yotulukira imakonzedwa munthu asanalowe. Wotsikayo atsike atamangidwa kale. Pakamwa pa dzenje paime chitsulo cha miyendo itatu chokhala ndi winchi, kuti zikavuta mumupukuse n’kumutulutsa inu muli panja. Pakhalenso mlonda womulankhulitsa nthawi zonse, osati uja amati akulondera maso ali pa Facebook.

Padenga napo manyazi ndi omwewo. Mmisiri amabwereka chingwe chomangira mbuzi, n’kuzenga m’chiuno, mbali inayo n’kukoleka pamsomali wadzimbiri. Wina amamanga chingwe cha mamita 6 panyumba ya mamita 4. Ameneyo amafika pansi chingwe chisanamve n’komwe kuti mwini wake wanyamuka. Ku America, kuyambira 1998, lamba wa m’chiuno yekha saloledwa kuwakha munthu wogwa pantchito zomanga. Amafuna wogwira mapewa, chifuwa ndi ntchafu, ndipo pokolekapo pakhale potha kunyamula makilogalamu pafupifupi 2,270. Msomali uja muufunse ngati ukuvomera.

Ngakhale lamba atakuwakhani, nkhani sinathe. Munthu akalendewera osasuntha, magazi amadzaza m’miyendo, ndipo akhoza kukomoka kapena kufa mphindi 30 zisanakwane. Imeneyo si nthawi yotuma mwana kukabwereka makwerero kwa aneba amene apita kumaliro ndi makiyi.

Kuno ku Malawi lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha apantchito la 1997 limaika udindo woteteza wantchito pamutu pa wolemba ntchito. Kufunsa zida si mwano ayi. Musanatsike kapena kukwera, funsani mokweza: mpweya mwayeza? Chingwechi mwamanga pati? Zikavuta andichotse ndani, ndipo ndi chiyani? Abwana akakwiya, asiyeni akwiye, inu nyamulani zida zanu muzipita. Maganyu satha.