Nyumba ya renti ku Kanyama, kuchotsako madzi

Malume anga a ku Matero amalankhula ndi Google ngati akulankhula ndi apongozi. Tsiku lina ankafuna mtengo wa simenti. Anavala magalasi, n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi: "Mwachoma bwanji ba Google, pepani kukuvutitsani, nifunako kudziwa mtengo wa simenti ngati muli na mpata." Zimene zinabwera ndi nyimbo za kwaya ndi ulaliki wa kukhululukirana. Za simenti munalibemo.

Mdzukulu wawo wa giredi 6 anawalanda foni. "Agogo, lembani chabe simenti Lusaka."

"Kopanda moni? Iwe unakulira m'nyumba ya ndani?"

Mwanayo sanalakwe. Makinawa amaona liwu lililonse ngati katundu amene mwawatuma, ndiye amakasaka tsamba limene muli simenti, mulinso pepani, mulinso mpata. Pakati pa mawu awiri aliwonse pamakhala AND wosaoneka. Malume anavomera kufupikitsa, koma mpaka lero akapeza zimene amafuna amalemba "zikomo" n'kudina, kenako amawerenga zonse zimene zabwera.

* * *

Mnyamata wina wa ku Lilanda, wongokwatira kumene, ankafuna chipinda ku George. Analemba "house for rent George". Panabwera nyumba zakapinga wometa bwino, mapiri kumbuyo, garaji ya magalimoto awiri. Anaitana mkazi wake: "Iwe, bwera uone mwamene George yasinthira, ise tili pafupi apa osadziwa!" Mkaziyo ndi amene anaona kuti mitengo yake ndi ya ma rand. Anali George wa ku Western Cape, ku South Africa. Atawonjezera "compound Lusaka", kapinga yense anauma.

Palinso George wina amene ali ndi mlandu pa zonsezi. George Boole anabadwa mu 1815 ku Lincoln, ku England, bambo ake anali osoka nsapato. Masamu ambiri anadziphunzitsa yekha, mpaka mu 1849 anakakhala pulofesa ku Cork, ku Ireland. Mu 1854 anatulutsa buku lakuti The Laws of Thought, losonyeza kuti maganizo a munthu angathe kuwerengetsedwa ngati masamu. AND, OR ndi NOT amene makompyuta amasefera zinthu lero anachokera kumeneko. Mkuluyu anamwalira mu 1864 ali ndi zaka 49, atayenda wapansi pamvula n'kukaphunzitsa zovala zili zonyowa, chibayo n'kumugwira. Ndinafotokozera anthu nkhaniyi pa siteshoni ya minibasi ku Kanyama mu January, madzi ali m'maondo. Mayi wina anangoti, "Mvula imodzi chabe?"

* * *

Ba landiledi ena a ku Kalingalinga, kufupi ndi msewu wa Alick Nkhata kumene akalipentala amayala mabedi ndi masofa panja, ali ndi zipinda za ana a sukulu a ku UNZA. Sanamvepo za Boole, koma AND amamudziwa kuposa mapulofesa. Chipinda chimodzi chitatsala chopanda munthu, anauza mwana wawo wamkazi kuti alengeze pa intaneti. Wolowa akhale wa ku yunivesite, komanso wopemphera, komanso wosamwa, komanso wosaphikira nyemba pa magetsi, komanso wosalandira alendo, komanso wolipiriratu miyezi itatu.

Chipinda chinakhala mwezi wonse chili ndi akangaude okha.

"Amami, 'komanso' aliyense amathamangitsa anthu," anatero mwanayo. "Mukafika pa wachisanu mwatsala mweka. Ndiponso na imwe nyemba mumaphikira pa magetsi."

"Chabwino, chotsa komanso, ikapo kapena."

Mmawa mwake pageti panali mzere. Woyamba anali ndi ndalama za miyezi itatu m'manja ndi fungo la chibuku m'kamwa. Wachiwiri anali wopemphera kwambiri, moti anapempha kuti renti aisiye m'manja mwa Mulungu. Wachitatu sankamwa, zoona, koma anabwera ndi mkazi, ana anayi ndi mbaula. Aliyense anakwanitsa chimodzi, ndipo OR safuna zambiri kuposa pamenepo. Pa Google, OR ameneyu amagwira ntchito mukamulemba ndi zilembo zazikulu. Mukalemba zazing'ono amangomudumpha. Ba landiledi anati mwana wawo akadalemba zazing'ono.

* * *

Koma amene ndimamumvera chisoni ndi mlamu wanga wa ku Kanyama. Kanyama inakhala pamwala, pamalo athyathyathya, ndiye mvula ikagwa madzi alibe kolowera. Mlamu anatopa ndi kukweza matiresi pa njerwa chaka chilichonse. Mnyamata wa pa buthi ya mobile money anamuphunzitsa nzeru: ukafuna kuti chinthu chisabwere, umaika kamzere kochotsera kutsogolo kwa liwulo, kogundana nalo, popanda mpata. Mlamu anasangalala kwambiri. Analemba "house for rent Kanyama -water".

Nyumba inapezeka, yotchipa bwino. Anasamuka mu August, fumbi lili tolo. Mpopi panalibe. Anafunsa ba landilodi, iwo n'kumulozera kiyosiki ya madzi kutsidya kwa msewu, kumene amayi amafola ndi zigubu kusanache. Makina anali atachotsa malonda onse amene anatchula madzi, kutanthauza nyumba zonse zokhala ndi mpopi pabwalo. Eni nyumba zosefukira salemba za madzi m'malonda awo, n'chifukwa chake zawo zinatsala zonse.

January atafika, madzi anabwera okha mpaka kuchipinda. Mlamu anapita pa buthi paja atapinda buluku.

"Iwe, si unakamba kuti minus ichotsa manzi?"

"Ba mudala, ichotsa pa foni."

* * *

Wogulitsa tomato wa ku Mtendere anafuna kudziwa mtengo wa bokosi ku Soweto asanakwere basi. Google inamuonetsa nyumba ya Nelson Mandela pa Vilakazi Street. Analemba "Soweto Market" m'kati mwa mitengero, kuti mawu awiriwo asasiyane, n'kuwonjezera Lusaka ndi -Johannesburg. Msika unabwera, mtengo wa tomato ayi. Anaimbira mnzake amene anali komweko.

* * *

Ku Chawama bambo wina anapeza pa intaneti chipinda cha K350,000 pamwezi. Anakhala pansi, napempha madzi akumwa, n'kuyamba kutukwana boma. Malondawo anali a 2012, ndalama zisanasinthidwe. Pa 1 January 2013 Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha, ndiye chipindacho chinali cha K350 ya masiku ano. Atamva zimenezo anadzuka msanga kuti akachigwire. Mwana wake anachita kumugwira malaya, n'kumuonetsa kuti ukalemba after:2024 zakale zonse zimagwa. Mitengo yatsopano itabwera, bamboyo anapemphanso madzi aja.

Pa Facebook ndiye kuli sefa ya mtengo. Ukaika kuti ukufuna foni yosapitirira K500, umalandira mafoni apamwamba a K1 ndi K123, chifukwa ogulitsa anaidziwa kale sefayo ndipo amalemba nambala iliyonse kuti alowe. Mtengo weniweni umaumva ku inbox, atayamba akufunsa ngati uli serious.

* * *

Mtsikana wina wa chaka chachitatu ku UNZA amadziwa kusaka mabuku m'makompyuta a ku laibulale, kumene AND amawerengedwa OR asanawerengedwe, pokhapokha utatsekera mawu m'mabulaketi. Amadziwa bwino kuti nsima AND (nkhuku OR nsomba) ndi chakudya, pamene nsima AND nkhuku OR nsomba ndi mlandu. Kamlongo kake ka giredi 7 anakaphunzitsa yekha zimenezi, tsiku limene ankakasakira mapepala akale a mayeso a ECZ ndi filetype:pdf.

Loweruka lina anakapatsa ndalama. "Thamanga pa restaurant ya pa msika, ukagule nsima na nkhuku olo nsomba."

Kanabwera ndi nsomba imodzi m'pepala, pakamwa pali mafuta a vitumbuwa.

"Nanga nsima ili kuti?"

"Ba sisi, munakamba kuti nsima na nkhuku, olo nsomba. Nkhuku inasila."

"Chenji?"

"Simunaike mabulaketi."