Kodi kompyuta idziwa bwanji kuti madzi akubwera?

Akuluakulu, ndithandizeni, ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndamva kuti ana akuphunzira kulamula kompyuta, zomwe akuti coding, ndipo aphunzitsi ena amayambira pa nkhani ya mvula, chilala ndi kusefukira kwa madzi. Kompyuta ilibe maso, mitambo iiona bwanji?

Mdzukulu wanga ndiye wandionetsa. Pa Scratch, pulogalamu yaulere imene inatuluka ku MIT, ku America, mu 2007, mwana salemba mawu ovuta. Amakoka tizidutswa tamitundumitundu n'kutilumikiza mpaka lamulo lituluke: madzi akadutsa mzere wofiira, liza belu. Palinso kabolodi kotchedwa micro:bit, kochepa kuposa chikhatho, kamene kamayeza kutentha ndi kuwala, ndipo ukakagwedeza kamamva. Basi, nzeru zonse n'zomwezi?

Akuti ntchito yagona podziwa poika mzerewo. Nanga mwana wa zaka khumi angadziwe bwanji? Akuti azitchera chitini panja n'kumayeza mvula m'mawa uliwonse, kenako akafunse agogo ake pomwe madzi a mtsinje wa Ruo kapena Shire anafika atasefukira mu Januwale 2015. Ndiye kuti kompyuta imadikira kuuzidwa ndi ife amene sitidziwa n'koyatsira komwe?

Nanga magetsi? Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, tinakhala mumdima. Belu likanalira bwanji? Akuti kabolodiko kamayendera mabatire awiri ang'onoang'ono, ndipo Scratch imagwira ntchito popanda intaneti. Chabwino. Koma kusukulu kumene ana amaphunzirira pansi pa mtengo, kompyutayo ichokera kuti?

Funso lomwe likundisowetsa tulo ndi ili. Namondwe Freddy asanafike mu Malichi 2023, a zanyengo anachenjeza pawailesi. Komabe matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'chigawo chakummwera anthu mazanamazana anatisiya. Chenjezo linalipo. Chinasowa n'chiyani, makutu kapena kothawira? Mitengo ya m'phirimo anadula ndi ana? Malo omanga nyumba m'mphepete mwa phiri anagawa ndi ana?

Aphunzitsi, ana aphunzire ndithu, sindikukana. Koma akamaliza kuliza belu pakompyuta, muwatulutse panja, ayende ndi mapazi njira yopita kumtunda, adziwe sukulu kapena tchalitchi chothawirako, ndiponso yemwe adzanyamule agogo. Tsiku limenelo muitanenso makolo ndi amfumu.