Nambuma Ikubuma

Pa Nambuma pagwa mawu atsopano. Anabwera ndi anyamata ogulitsa mapuloti ochokera ku Lilongwe, aja ovala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Lero aliyense wofuna kuoneka wotsogola sayamba ndi moni, amayamba ndi "Nambuma is booming!"

Agogo ena ogulitsa mtedza pamsika atamva mnyamata wajekete akukuwa mawuwa pafoni, anasiya kuyeza mtedza.

"Mwanangu, akubuma kwa yani? Watisiya ndani?"

"Palibe maliro agogo, n'Chingerezi. Ndikunena kuti malo ano akutukuka mothamanga."

"Oho. Akamathamanga choncho muwauze adutsire kuno, mtedza sunagulidwe chiyambire m'mawa."

Umboni wa chitukukocho ulipo ndithu. Timaokala totumizira ndalama pafoni tandandalikana m'mbali mwa msewu, koma mukafuna kutapa K20,000 aliyense amakulozerani kwa mnzake. Njinga zamoto za kabaza zachuluka moti munthu ukangoima kuti umange chingwe cha nsapato, atatu afika kale, aliyense akuti, "Bwana, tiyeni!"

Wagolosale naye wawagwira mawuwa. Akuti bizinesi ikubuma chifukwa madzulo ndalama sizikwananso m'kabati. Zoti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sazitchula. Sopo ndi yemwe uja, kungoti tsopano amamudula panayi, ndipo shuga amagulitsa wa pasupuni.

Amene sakugwirizana nazo ndi aphunzitsi ena opuma ntchito, omwe amakhala pakhonde la telala ndi nyuzipepala ya sabata yatha.

"Mphwanga," anamuuza wajekete uja, "kalembera wa 2008 anapeza Amalawi 13 miliyoni. Wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Chikukula ndife anthu. Munda wa fodya wa malemu bambo ako sunakule ndi mzere ndi umodzi womwe, koma mwagawana asanu ndi awiri."

"Ndiye mwayi wake umenewo, aphunzitsi! Gulani puloti lero. Ili pafupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu."

"Pafupi bwanji?"

"Ndege ikamadutsa mumaiona bwinobwino."

"Madzi alipo?"

"Akubwera."

"Magetsi?"

"Mapolo ali m'njira."

"Msewu?"

"Aphunzitsi, mafunso otere ndi amene amabweza dziko m'mbuyo."

Anakambirana mpaka telala anayamba kulowetsa makina m'nyumba. Wajekete anapinda mapu ake, nayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu. Chingerezi chonse chinali chitamuthera.

"Bambo, mungandibwerekeko K3,000 ya kabaza? Kasitomala wanga wa ku Area 47 sanatumizebe."

Aphunzitsi anatsegula nyuzipepala yawo mosapupuluma.

"Uyende wapansi, mphwanga. Paja wati tauni ikubwera kuno mothamanga. Mukumana panjira."