Ulendo wa ku Mozambique wodzera ku Durban

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu akudziwa kuti kwathu ku Lizulu, Mozambique safuna pasipoti. Umangoyang'ana uku ndi uku, lole ikadutsa n'kuwoloka tala, basi wafika kunja. Ine kunja ndinayamba kupita ndili wa kabudula, nthawi zina kukangogula kachewere. Ndiye mwana wanga wamkazi, namwino ku Durban, ataimba foni kuti iye ndi mwamuna wake atilipirira tchuthi cha pa sitima ya pamadzi yopita ku Mozambique, ndinamufunsa mwaulemu ngati sizingatheke kungotumiza ndalamazo, ife n'kuwoloka msewu.

Mayi akunyumba anandilanda foni.

Tinakwera basi ku Blantyre, kutulukira pa Mwanza, kulowa pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Nyamapanda, Harare, Beitbridge, Johannesburg, ndi makilomita ena oposa 500 mpaka ku Durban. Mumve bwino pamenepa. Tinalowa m'Mozambique, n'kutulukamo, n'kudutsa mayiko ena awiri, kuti tikapeze sitima yotipititsa ku Mozambique. Anthu ophunzira ndi amene anakonza zimenezi.

Titafika ku KwaZulu-Natal ndinauza mkamwini kuti pano ndafika kwa makolo, poti ife Angoni a kwa Gomani tinachokera chakumwera komweku. Woyendetsa takisi atamva anakondwa, n'kundithira Chizulu chautali ndithu. Chingoni changa chimayambira pa "Bayete" n'kuthera pomwepo. Ndinamuyankha choncho, ndipo pagalasi ndinamuona akudabwa kuti wakhala liti mfumu.

Za pamadzi zokha sindinkaopa. Ndine munthu wokwerapo Ilala kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Likoma, ndipo nkhani imeneyi ndinaiuza aliyense pamzere wa padoko, wofuna ndi wosafuna. Ilala inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, kutalika kwake ndi mamita 52. Chimene ndinachiona ku Durban chinali cha mamita pafupifupi 300, nsanjika zoposa khumi, anthu oposa 2,000, zikepe zokwera ndi kutsika, ndipo pamwamba penipeni anakumbapo damu losambiramo. Madzi mbali zonse mpaka pothera maso, koma wina anaona kuti akuchepa.

Sitima isanachoke, lamulo ndi lakuti aliyense aphunzire kuvala jekete yoyandamitsa ndi kudziwa pothawira zinthu zikavuta. Ndinamukokera pambali mnyamata wotiphunzitsayo. "Achimwene, tiuzeni chilungamo, pali chimene mukudziwa?" Anangoseka n'kundimangitsa lamba.

Usiku woyamba anthu ena anadwala nseru chifukwa cha mafunde a Indian Ocean. Ine ayi. N'zoona kuti ndinachezera chogwada m'kachipinda kosambira, koma ndinali kupempherera anzathu ofookawo.

Pa zakudya mpamene ndinaonetsa kuti ndinaleredwa. Umadzitengera wekha, palibe wokuyang'ana m'mbale, ndipo zonse zinalowa kale m'tikiti. Ndinkadya m'malo mwa mudzi wonse. Ndalama zapamanja sizigwira ntchito m'sitimamo. Amakupatsa kakhadi kamene ndi kiyi wa chipinda, chiphaso ndi chikwama nthawi imodzi. Ukafuna chakumwa umangokapereka, iwo n'kukabweza ndi "zikomo" pamwamba. Moyo wanga wonse sindinaonepo ndalama yoti ukaipereka imabwerera yathunthu, choncho ndinkaipereka pafupipafupi.

M'mawa wina tinadzuka sitima itaima, chilumba chikuonekera chapatali. Ndicho Portuguese Island, eni ake amati Ilha dos Portugueses, kachilumba kamchenga ka mu Maputo Bay, pafupi ndi chilumba chachikulupo cha Inhaca. Madzi a kufupi ndi gombe ndi osaya, ndiye chisitimacho chimaponya nangula kutali, anthu n'kumatutidwa ndi timaboti. Apa mtima unakhala pansi, chifukwa umu ndi mmene tinatsikira Ilala. Ndinayamba kulangiza anthu kakweredwe, mpaka pamene anyamata awiri anandinyamula m'khwapa n'kundikhazika ngati thumba la feteleza.

Pachilumbapo palibe mudzi. Ogwira ntchito m'sitima amalawirira kukatula mipando, maambulera, nyama yowotcha ndi zoimbira, kotero kuti mukamafika mumapeza sitima yomweyo atayiyala pamchenga. Anthu amene ndinakumana nawo ku Mozambique ndi omwe aja a ku Pretoria amene ndinalimbirana nawo soseji m'mawa.

Eni dziko analipo ochepa, obwera pa maboti kudzagulitsa ziboliboli ndi zitenje zimene kumeneko amati capulana. Ndinauza mayi akunyumba kuti aime pambuyo, a ku Mozambique ndi abale anga, mtengo ndikambe ndine. Ndinafika pa mayi wina: "Zaulere zilipo, mayi? Tachotsaniko pang'ono, ndife amodzi." Anandiyang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato. Ku Angónia, tsidya la kwathu, Chichewa chimagula chilichonse. Kuno ndi kumwera kwenikweni kwa dzikolo, kwa anthu a Chironga ndi Chishangana. Anandiyankha m'Chipwitikizi, mtengo n'kuutchula m'marandi. Ndinatulutsa "obrigado" wanga, ndipo ndikukhulupirira kuti mawu amenewa ndi amene anatseka malonda pa mtengo woyamba uja.

Mwamva kuti tayi. Inde, ndinavala jekete, tayi ndi nsapato za kutchalitchi, chifukwa munthu sufika m'dziko la eni uli mbulanda. Ena onse anali atavula, atadzola mafuta oteteza ku dzuwa, ali gonegone pamchenga masanasana, osadwala, osaledzera. Analipira ndalama zambiri kuti adzagone pansi. Ndinawamvera chisoni kwa kanthawi, thukuta likuyenderera m'kolala, mpaka mayi akunyumba anati, "Abambo, mukutichititsa manyazi. Vulani."

Ndinavula nsapato, n'kuziika bwinobwino pamchenga wouma, masokosi m'kati. Ndinapinda buluku n'kulowa. Mwachizolowezi cha ku Senga Bay ndinatapa madzi ndi manja kuti nditsuke m'kamwa. Abale anga, lita imodzi ya madzi a m'nyanja imeneyi imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35. Ndinalavula molemekezeka ndithu, ngakhale ana ena anathawa.

Tsono pali khalidwe lina la nyanja yamchere limene sindigwirizana nalo. Nyanja yathu imadzadza ndi kuphwera potsata nyengo, imapereka nthawi yoti munthu akonzeke. Iyi imakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, akuti chifukwa cha mphamvu ya mwezi, mwezi womwewu umene kwathu ntchito yake n'kuunikira ana pochita masewera a usiku. Pamene ndinkatembenuka, pouma paja panali madzi ofika m'mawondo. Nsapato yakumanzere ndinaigwira. Yakumanja inali italowera cha ku Madagascar.

Masana ena anakwera boti kupita ku Inhaca, kumene kuli mudzi weniweni, msika, nsanja younikira sitima, ndi malo ofufuzira zamoyo za m'nyanja amene anatsegulidwa mu 1951, chaka chimodzi ndi Ilala yanga, ndipo tsopano ali m'manja mwa yunivesite ya Eduardo Mondlane. Mayi akunyumba anapita, anakadya nsomba, anabwera ndi nkhani zodzadza dengu. Ine ndinatsala pagombe kudikira, poti mnyamata wina anandiuza kuti madzi akakwera amabwereranso. Anabwereradi, opanda kanthu.

Boti lomaliza lili ndi nthawi yake ndipo sitima sidikira munthu. Ndinakwera nsapato ili m'manja, tayi ali m'khosi. Pakhomo lolowera wojambula zithunzi anandithamangira monga ankachitira tsiku lililonse, ine n'kuima mowongoka. Mnyamata ameneyu ndinkamukonda. Anali yekhayo m'sitima monsemo wozindikira jekete labwino, ndipo chithunzi chilichonse chimene ankandionetsa madzulo ndinkachilandira ndi manja awiri, n'kumupatsa kakhadi kaja kuti alembe dzina langa.

M'mawa wobwerera ku Durban tinapeza pepala pansi pa chitseko. Linali lalitali, manambala ake m'madola a ku America. Mkamwini analiwerenga ataima, kenako anakhala pansi n'kuliwerenganso. Ndi mwana waulemu, sanakweze mawu.

"Bambo," anatero, "madzi a zipatso okhala ndi kaambulera aja, ankakukomerani?"

Ndinati ankakoma, kungoti ankabweretsa tulo.

"Nanga zithunzi zonsezi, tikazipachika kuti?"

"Chopanda nsapatocho mundipatse ine," anatero mayi akunyumba. "Akuchidikira ku Mvano."