Ngoma ya amalume, masekondi 50 okha

Kamera ya Canon 5D Mark III inatuluka mu 2012, ndipo chaka chotsatira akatswiri a pulogalamu ya Magic Lantern anapeza njira yoti izijambula vidiyo ya raw, ija imasunga zonse zimene sensa yaona osazifinya, kuti mitundu idzakonzedwe bwino pakompyuta. Nditaona zimenezi pa YouTube mtima unayaka. Ndinali nditajambulapo maukwati ku Kampepuza ndi ku Bawi ndi kamera yobwereka, ndiye ndinkadziona kuti ndafikapo, moti ndinalonjeza amalume, amene amavina ngoma pa Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo, kuti ulendo uno ndiwajambulira filimu yoti nthenga iliyonse pamutu pawo izidzawerengeka. Kamerayo ndinagula yakale kudzera kwa msuweni wanga wa ku Joni, ndi ndalama za mbatatesi zimene ndinagulitsa pa Lizulu.

Za memory card sindinafunse munthu, zinkandichititsa manyazi. Ndinagula SD yolembedwa 170MB/s, n'kuilowetsa, n'kudina record, kamera n'kujambula pang'ono chabe n'kuima, ine n'kumazimitsa ndi kuyatsa mpaka thukuta, osadziwa kuti nambala yaikulu pakhadipo imanena za liwiro lowerengera osati lolembera, komanso kuti malo a SD pa kamera imeneyi amalemba pafupifupi 20MB pa sekondi, pamene raw ya 1920x1080 pa mafelemu 24 imafuna oposa 80. Raw imapita pa khadi lalikulu lija la CF. Ndinaitanitsa mwachangu, koma pa meseji ndinalemba CFast poganiza kuti ndi CF yothamanga kwambiri. Zimalingana kukula, inde, koma CF ili ndi timabowo 50 tolowamo timapini ta m'kamera, CFast ilibe, ndi ya makamera ena ngati Blackmagic Pocket Cinema Camera 4K. Ndinatsala pang'ono kuikankha mwamphamvu. Ndikakumbukira timapini tija mpaka lero thupi limachita tsembwe.

CF yeniyeni, 64GB ya 1066x, inafika mwambo utayandikira. Imodzi yokha, poti pa maukwati khadi lotere linkandikwanira tsiku lonse. Masamu ake ndi a sitandade 5, koma sindinawachite: 64GB pa liwiro limenelo imadzaza m'mphindi 13 basi. Ndinafika ku Nkolimbo m'mamawa, n'kuyamba kujambula magalimoto akufika, amayi akuyala zitenje, fumbi likukwera, ndipo pamene anthu ankafuula kuti Bayethe polandira Inkosi ya Makosi Gomani V, ine ndinali nditagwada kuseri kwa galimoto, laputopu pamaondo, ndikukopera mafayilo, batire ikuthwanima kufiira. Gulu la amalume litalowa m'bwalo ndinali nditapezako malo, ndipo ndinawajambula bwino ndithu, chishango kumanzere, chibonga m'mwamba, phazi likugunda pansi mpaka mikanda kunjenjemera pachifuwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri chinachitika usiku womwewo. Khadi lija ndinalifomatira m'kamera, ndiye linali pa FAT32, imene silola fayilo imodzi kupitirira 4GB. Magic Lantern ikafika pamenepo imapitiriza mu fayilo ina, ndiye kanema mmodzi amakhala MLV, kenako M00, M01, choncho. Ine nditaona ma M00 amenewa, osatseguka ndikawadina, ndinati ndi zinyalala zongodya malo, ndinakopera a MLV okha, n'kufomata khadi, m'mawa mwake n'kukajambulirapo chinkhoswe mpaka kudzaza. 4GB ya raw ndi masekondi 50 kapena kucheperapo. Pa gule yense wa amalume ndinatsala ndi poyambira pokha, akungoyala mapazi, nyimbo isanakolere.

Ngakhale timasekondi timeneto tinandivuta. Laputopu yanga ya 4GB RAM inkatenga usiku wonse kusintha mafayilo mu MLV App, DaVinci Resolve ikatseguka fani n'kumalira ngati chigayo, chithunzi chikudumphadumpha, magetsi n'kuthima ntchito ili pakati ine ndisanasunge. Za ma proxy, timafayilo topepuka todulira filimu, ndinazimva mochedwa.

Amalume anandifunsa tili pakhonde, anthu ali pomwepo. "Kodi mphwanga, filimu ija tiionera liti?" Ndinawapatsa foni. Anaonera, kanema n'kutha, iwo n'kudikira, n'kuidinanso ndi chala. "Basi yatha?" Ndinati eya amalume, ndinafufuta ndekha. Sanakalipe, anangoti chaka chamawa ndidzabwere ndi kamera ya maukwati ija. Ndinasowa poyang'ana.

Raw sindinaisiye, chifukwa m'masekondi aja khungu la amalume ndi chikopa cha chishango zimaoneka bwino kuposa chilichonse chimene ndinajambulapo. Koma inu amene mukufuna kuyamba, musanagule kamera werengani kaye makhadi amene imalandira, muchulukitse ma MB pa sekondi ndi kutalika kwa mwambo, muyese zonse kunyumba kuyambira pa record mpaka pa export. Ndipo musafomate khadi musanakopere foda yonse pa ma hard drive awiri ndi kutsegula kanema aliyense mpaka kumapeto.