Mlandu suwola, ngakhale pa kompyuta

Ife a zala ziwiri, amene timalemba pa kompyuta monga nkhuku yotola chimanga, tiyenera kuvulira chisoti Bill Joy wa ku Berkeley, amene m'chaka cha 1978 anaphunzitsa makina kukumbukira malamulo amene munthu wawapatsa, kotero kuti masiku ano, m'malo molembanso mzere wonse, mungodina batani la muvi woloza kumwamba, ndipo mzere uja ubwera wokha.

Mphwanga wophunzira ku MUBAS anatilembera kapulogalamu kowerengera katundu m'sitolo ya ku Limbe kumene ndimapezera ufa. Ine, pofuna kuonetsa abwana kuti ndine munthu wa masiku ano, ndinadina muvi uja pamaso pawo; ndipo taonani, panatuluka ^[[A, zimene zinanditulutsa panja kukamuimbira mnyamatayo monong'ona kuti makina ayamba kulankhula malilime.

"Amalume, musaope," anatero iye, nandifotokozera kuti batani limenelo silitumiza chilembo chimodzi koma zizindikiro zitatu, ESC, [ ndi A, ndi kuti pulogalamu yosaphunzitsidwa imangodikira mzere wonse kufikira munthu atadina Enter, osadziwa kuti zitatuzo n'chinthu chimodzi. Anakalumikiza ku Readline, ntchito ya Brian Fox ndi Chet Ramey, imene imamva batani lililonse pamene lagwa, nisunga mizere yonse m'ndondomeko yake.

Apa ndi pamene ndinadziwira kuti akuluakulu sananame ponena kuti mlandu suwola. Abwana, atakondwera ndi muviwo, anaudina naudinanso, ndipo mabuku anatsegulidwa: "shuga" wolembedwa m'njira zimene sukulu siinaphunzitse, makatoni a sopo amene ndinawaonjezera kawiri, ndiponso, tsoka la matsoka, mawu anga achinsinsi, amene ndinawalemba pamalo posayenera. Mawuwo anali "Maule", pamene abwana ndi a Manoma kufikira m'mafupa, ndipo ine ndakhala ndikulira nawo limodzi Lolemba lililonse Wanderers ikagonja.

Chitonthozo changa n'chimodzi. Mphwanga akuti mizereyi imalembedwa m'faelo pokhapokha pulogalamu ikatsekedwa bwinobwino, ndipo magetsi akathima mwadzidzidzi, zonse za tsikulo zimafafanizika. Chifukwa chake, mukaona munthu wamkulu kuseri kwa kauntala, maso ali pa babu nthawi yoweruka itayandikira, milomo ikugwedera, musamusokoneze, akupempherera mdima.