Utsi wa pulinta ya abwana

Akatswiri akuti pulinta ya mu ofesi nayo ili ndi mlandu wotenthetsa dziko, ngakhale palibe anaiwonapo ikufuka. Kuno ku Mulanje mlanduwu ndi wopepuka, poti magetsi ambiri amachokera ku madzi: a Shire ku Nkula ndi Tedzani, kapena a Lichenya ku Bondo. Utsi weniweni umayamba magetsi akazima, jenereta ikamabangula, pakuti lita imodzi ya dizilo imatulutsa makilogalamu oposa 2.5 a mpweya woipa wotenthetsa dziko. Wina anena kuti olakwa ndi owotcha makala m'phirimu. N'zoona, koma iwowo salemba lipoti lodandaula za makala n'kulisindikiza kakhumi, jenereta ikulira. Abwana, pepala lili ndi mbali ziwiri, ndipo poweruka muzizimitsa makinawo.